Katemera Sanawagwire Achimwene

Achimwene anga amataya zinyalala pachipatala pomwe ine ndimachapa mabulangete. Anzawo amawatchula kuti a Jombo, chifukwa jombo zawo za mphira amazitsuka ndi sopo mmawa uliwonse, pomwe za anzawo zimaoneka ngati zagona m'khola. Ndi munthu wamtali, wosayankhulayankhula, ndipo akafuna kukana chinthu sanena kuti ayi, amangoti "tiona." Wapakamwa ndine. Amayi ankati Mulungu anatipatsa lilime limodzi kuti tigawane, ine n'kulitenga lonse.

Tinabadwa mimba imodzi, koma sitinakulire pamodzi. Bambo atamwalira, amayi anapeza ntchito ya m'nyumba m'tauni, ndipo abwana awo anati abwere ndi mwana mmodzi yekha. Ine ndinali wa kubere, achimwene anali atayamba kale kuthamanga okha. Amayi ananyamula wa kubere. Achimwene anatsala ndi amalume kudambo, kumene anthu amalima mpunga, ndipo anakulira m'madzi olekeza m'mawondo, kuwokera, kupalira, kupirikitsa mbalame. Ine ndinakulira pasimenti, kumwa madzi a pampopi. M'tauni anabwera ali ndi ndevu kale, nthawi imene amayi ankadwala, ndipo amayi atatisiya ndinakawapemphera ntchito kwa akapitawo. Za kusiyidwa kwawo sanazitchulepo, inenso sindinafunse.

Kudamboko sanatayeko mtima. Mvula ikagwa amatenga tchuthi chawo chonse kukawokera mpunga m'munda wa bambo, ndipo anzawo amakondwa chifukwa palibe amene amalimbirana tchuthi cha matope. Amabwerako atada bii, zidendene zitang'ambika, akumwetulira. Mkazi anampezanso komweko. Alamu angawo ndi munthu wofatsa, woti mpaka lero powoloka msewu amagwira malaya a amene ali naye pafupi.

Chaka china akuluakulu a chipatala analamula kuti tonse ogwira zinthu za odwala tibayidwe katemera wa matenda otupa chiwindi, aja amayenda m'magazi n'kusandutsa maso kukhala achikasu. Jakisoni wake amabaya katatu, motalikirana miyezi. Tinkapita limodzi, ine kutsogolo iwo pambuyo, nesi yemweyo, tsiku lomwelo. Achimwene, munthu wonyamula zinthu zoti ine sindingaziyang'ane kawiri, ankatsinzina akaona singano. Ndinawaseka mpaka nesi ananditulutsa panja. Titamaliza wachitatu anasisita phewa n'kunena kuti, "Basi, tsopano ndavala chitsulo."

Ntchito yawo ili ndi kachitidwe kena kamene sikalembedwa paliponse. Majumbo apulasitiki otayira zinyalala amaperewera nthawi zonse, ndiye jumbo likadzaza amadinda zinyalalazo ndi chikhatho kuti zitsike, n'kuthiramo zina, kenako kumanga. Lamulo limaletsa, koma lamulo silibweretsa majumbo. Masingano ali ndi katoni yakeyake ndipo sayenera kupezeka m'jumbo, choncho onse amadinda osaopa. Achimwene ankanyadira kuti jumbo lawo limodzi limanyamula za majumbo awiri.

Kumapeto kwa wodi ya amuna kuli kachipinda ka bedi limodzi. Nthawi imeneyo munkagona bambo wina wotupa mimba, maso ngati ndiwo za mazira. Nsalu zake zinkabwera kwathu zitamangidwa padera, ndipo ndinkaziviika m'madzi owira nditavala magolovesi ofika m'zigongono. Bamboyo anamwalira. Ndinachapa nsalu zake komaliza n'kumuiwala, monga timachitira.

Tsiku lina masana tikumwa tiyi pabenchi kuseri kochapira, ndinaona achimwene akukanda kadontho kakuda pachikhatho.

"Dzanja latani, achimwene?"

"Singano. Koma papola."

"Singano yanji?"

"Ya m'jumbo. Inaboola golovesi. Kachipinda kakumapeto kaja."

Ndinaika kapu pansi. "Liti?"

"Malemu aja asanamwalire."

Apa n'kuti patadutsa masabata. Ndinawafunsa amene anamuuza, ndipo anandiyang'ana ngati ndafunsa za mutu wopanda nzeru.

"Ndiuze ndani? Akapitawo akamva kuti ndimadinda ndi dzanja, ntchito yatha. Ndiponso m'chipindamo munali kanesi katsopano kaja. Ukufuna mwana wa eni ake achotsedwe chifukwa cha singano imodzi? Komanso si tinabayitsa? Katatu konse, iwe ukuseka."

Sindinawasiye amalize tiyi. Ndinawagwira mkono n'kuwakokera kwa adokotala amene amaona ife antchito, mayi wina wamfupi wa magalasi amene sazungulira poyankhula. Anamvetsera, anapita kukafunsa za malemu aja, n'kubwerera nkhope itasintha. Anati bamboyo analibe kachilombo ka Edzi, koma ka chiwindi anali nako kambiri.

"Mukanabwera tsiku lomwelo, tili ndi jakisoni wina amene amatchinga kachilomboka kasanakhazikike," anatero. "Nthawi yake yadutsa. Tsopano tidalire katemera uja. Tiyeze magazi tione ngati anagwira."

Mpaka tsiku limenelo sindinkadziwa kuti katemera amatha kusagwira. Ndinkayesa akabaya ndiye kuti basi.

Zotsatira zitabwera adokotala anatiitana tonse. Anati kachilombo sikakuoneka, koma tisasangalale msanga chifukwa kamatha kubisala miyezi. Kenako anavula magalasi.

"Chitetezo chimene timayembekezera kuchipeza mwa munthu wobayidwa katatu, mwa inu mulibe, bambo. Zili ngati simunabayidwe."

Achimwene anangoyang'ana jombo zawo. Ine ndiye ndinaphulika. Ndinati katemera wawo anali madzi, furiji yawo inali yakufa, akhala akutinamiza ife osaphunzira kuti tizigwira zonyansa zawo mitima ili pansi. Ndinayankhula zambiri, zina zoti sindingazibwereze. Adokotala anandidikira ndimalize.

"Inu munabayidwa tsiku limodzi ndi achimwene anuwa?"

"Mzere umodzi."

"Pindani mkono wa diresi, tiyezenso anu."

Magazi anga anatuluka odzaza ndi chitetezo. Adokotala anati ngakhale nditabayidwa ndi singano yomwe ija, mwina palibe chingandichitikire. Sindinasangalale. Ndinachita manyazi ngati ndadya ndekha chakudya cha anthu awiri.

Pamenepo adokotala anayamba kufunsa achimwene za moyo wawo. Anakulira kuti, amamwa madzi otani, amapita kumudzi kangati. Atamva za mpunga anafunsa ngati anayamba akodzapo magazi.

Achimwene anaseka pang'ono, mwamanyazi chifukwa ine ndinali pomwepo. "Kwathu mnyamata aliyense. Sitinkaziwerengera."

"Nanga masiku ano?"

"Mwa apo ndi apo. Makamaka ndikachoka kumunda."

"Mankhwala a likodzo munamwapo?"

"Amagawa kumudzi nthawi ya dzuwa, ine ndimakhala ndili kuno. Ndikapita nthawi ya mvula amakhala atagawa kale. Kuno sagawa."

Ndi mmene zinakhalira zaka zonsezi. Kumudzi ankawatenga ngati munthu wa m'tauni, m'tauni palibe amene anaganiza zowafunsa matenda a kudambo. Atayeza mkodzo anapezamo mazira a likodzo, m'chimbudzi anapezamonso njoka za m'mimba.

Adokotala anatifotokozera mosavuta. Anati tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi odikha, timalowera pakhungu, ndipo timatha kukhala m'thupi zaka zambiri. Kuti tisathamangitsidwe, timagonetsa asilikali a m'thupi. Thupi lokulira pankhondo yotere limazolowera kusadzidzimuka, ndiye katemera akabwera kudzagogoda, nthawi zina asilikali amayankha mwaulesi kapena osayankha n'komwe.

"Si onse akumudzi, ndipo sindingalumbire kuti chifukwa chake ndi chokhachi," anatero. "Alipo obadwira m'tauni amene sawagwiranso. Koma tikaona munthu ngati inu, timayambira pamenepo."

Anawapatsa mapilitsi akuluakulu a likodzo, ena a njoka, n'kuwabayanso katemera kuti mwina athandize. Kenako anafunsa ngati ali pabanja. Achimwene anati eya. Ine ndinawonjezera kuti alamu ndi oyembekezera.

"Ndiye abwere mawa. Tiwayeze, tiwabaye. Kachilomboka kamayamba kupatsirana munthu asanadzimve kudwala, ndipo mayi akakatenga ali ndi pakati amatha kupatsira mwana. Mwa khanda kamakonda kukhazikika moyo wonse. Pakadali pano muzigwiritsa ntchito makondomu, ndipo chilichonse chokhudza magazi anu chikhale chanu nokha."

"Tiona," anatero achimwene.

Mawu amenewo ndimawadziwa. Titangotuluka ndinawatsekera njira pakhonde, pafupi ndi pomwe amaimika wilibala yawo.

"Muwauza liti alamu?"

"Sindiwauza."

"Mwamva zimene anena adokotala?"

"Ndamva. Iwe tandiuza, mkazi ali ndi pakati, ine ndilowe m'nyumba ndi makondomu m'thumba. Aganiza chiyani? Ndiponso mimba yoyamba ija inachoka atamva za maliro a mayi ake. Ukufuna iyinso ichoke ndi mantha a matenda amene mwina ndilibe? Ndidzisamala ndekha. Ndikapezeka nako, ndidzamuuza."

"Mukadzapezeka nako madzi adzakhala atatayika kale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Poyankhula sanakweze mawu.

"Iwe magazi ako ndi a pampopi, mlongo wanga. Amayi ananyamula iwe. Wamva wekha kuti singano singakuchite kanthu. Ndiye za m'nyumba mwanga undisiyire, ndipo pakamwa pakopo utseke."

Zaka zonsezi sanatchulepo. Zinandipweteka kwambiri. Iwo anagwira wilibala n'kumapita.

Ndinatsekadi pakamwa, masiku angapo. Ndinkachapa mabulangete a anthu maganizo ali kwina, mpaka tsiku lina ndinathira jiki woyeretsera nsalu pa zovala zobiriwira za kutiyeta kochitira maopareshoni, zonse n'kuchita mawangamawanga. Tsiku langa lopuma litafika ndinapita kwa alamu, ndikudziuza kuti ndikungokawaona.

Nyumba yawo ndi ya chipinda chimodzi, chogawidwa pakati ndi nsalu. Ndinawapeza atakhala pakhomo, mwendo uli pampando, akuvutika kuwenga zikhadabo za kumapazi. Lumo limene anali nalo m'manja ndinalizindikira. Limakhala pawindo pafupi ndi kagalasi kong'aluka, ndipo achimwene amametera ndevu, n'kudzicheka pachibwano pafupifupi nthawi zonse. Pachala chachikulu cha alamu panali kamagazi pomwe lumo linapitirira.

Ndinawalanda lumolo n'kuliponya m'ngalande.

"Alamu, kwagwanji?"

Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, kuyambira jumbo mpaka mapilitsi. Ndinkayang'ana mimba yawo uku ndikuyankhula, ndikuganiza kuti ikachoka ndidzauza chiyani achimwene. Alamu anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anapuma mpweya wautali.

"Ndiye n'chifukwa chake akugona ndi buluku, atayang'ana kukhoma? Ine ndimati apeza wina, alamu. Ndakhala ndikulira ndekha."

Anadzuka, anavala nsapato, n'kundigwira malaya mpaka tinawoloka msewu.

Kachilombo sanawapeze nako. Likodzo ndiye anawapeza nalo, poti anakulira m'madzi omwewo. Adokotala anawapatsa mankhwala, anati sapweteka mwana, n'kuwaika pa katemera wofulumira, wa mwezi ndi mwezi. Ndinafunsa ngati iwowa awagwira. Adokotala anati sangalonjeze, tidzaona magazi akadzayezedwa. Ndinatuluka ndikudziwa kuti mwina tangobwereza zomwe zija: kubaya katatu munthu wa kudambo, n'kumadzinamiza kuti wavala chitsulo.

Achimwene atamva sanandikalipire. Akanandikalipira zikanakhala bwino, chifukwa mkangano ndimautha. Anangosiya kundiyankhula. Pabenchi la tiyi anasiya kubwera. Akamadutsa ndi wilibala kupita kung'anjo yowotchera zinyalala, ankatembenuzira nkhope kumpanda. Ine ndinkaima pakati pa mabulangete oyanikidwa n'kumasuzumira, kufuna kuona maso awo okha. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha si mphatso yanga, ndipo nkhono ndinali nditadana nazo.

Mwezi unatha, wina n'kutha. Mimba ya alamu inakula, sinachoke. Ndinkawaperekeza kukabayitsa, ndipo m'njira ankandiuza za kunyumba: kuti agula malumo awiri, miswachi aisiyanitsa makapu, achimwene akudya bwino. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tapulumuka, mwina ndadana ndi m'bale wanga popanda chifukwa. Maganizo amenewo ankandisangalatsa n'kundipsetsanso mtima nthawi imodzi.

Kenako alamu anati achimwene ayamba kusiya chakudya m'mbale, akuti chikununkha mafuta. Patapita masiku ndinawaona atakhala pamphepete pa wilibala pakati pa njira, mutu uli m'manja, dzuwa lisanakwere n'komwe. Munthu amene amawokera munda wonse osawongola msana. Ndinasiya beseni n'kupita.

"Achimwene."

Sanadzutse mutu.

"Achimwene, tandiyang'anani."

"Pita ukachape," anatero. "Ndadziona kale pagalasi."

Anawagoneka tsiku lomwelo m'wodi ya amuna, yomwe akhala akuitolera zinyalala zaka zonsezi. Ndinakagwada kwa asisitala oyang'anira wodiyo kuti asawaike m'kachipinda kakumapeto, ndipo anawapatsa bedi la pawindo. Ankasanza, khungu likuyabwa, thupi lonse lachikasu. Adokotala anati akuluakulu ambiri amachira ndipo thupi limataya kachilomboka lokha, ena kamawakhalira, ochepa chiwindi chimagonja. Anati sangadziwiretu kuti achimwene ali gulu liti. Nsalu zawo zinayamba kubwera kwathu zitamangidwa padera. Anzanga ankafuna kundichapira, koma ndinakana.

Ndinkapita kukawaona nthawi ya tiyi. Ndikangolowa ankatembenukira kukhoma. Ndinkakhala pampando, kuwauza zopanda pake za kochapira, n'kutuluka osayankhidwa.

Tsopano nkhawa yonse inali pa alamu. Adokotala anati achimwene ayenera kuti anali ndi kachilomboka m'magazi kwa masabata asanasinthe maso, akudya ndi kugona m'chipinda chimodzi ndi mayi woyembekezera. Anawatenganso magazi alamu kuti aone zinthu ziwiri: ngati kachilombo kalowa, ndiponso ngati katemera wagwira.

Tsiku la zotsatira tinakhala pabenchi kunja kwa ofesi ya adokotala. Alamu anali atagwira mimba ndi manja onse. Mwana ankagunda, ndipo ndinkaona diresi ikugwedezeka. Aliyense wotuluka m'chipindamo ndinkamuyang'ana kunkhope ngati ndiye wanyamula yankho lathu. Mayi wina wogulitsa nthochi anayesa kutichezetsa, ine n'kumuyankha mwaukali moti anasamuka benchi.

"Alamu," anatero alamu chapansipansi, "akadzapezeka nako mwanayu, bambo ake sadzadzikhululukira."

"Tiyeni timve kaye."

"Ine sindikuopa za ine."

Kenako anatiitana. Adokotala anali atavala magalasi, ndipo ndinawayang'anitsitsa kuti ndione ngati awavule. Sanavule.

"Kachilombo mulibe, mayi. Ndipo chitetezo chakwera. Sichinafike pa cha alamu anuwa, koma chakwana."

Alamu anangotsamira paphewa langa. Ine ndinafunsa kawiri, kuti ndisakanene zolakwika. Ndinafunsanso ngati ndi mapilitsi a likodzo aja athandiza. Adokotala anati mwina, mwinanso thupi lawo likanayankha ngakhale popanda mapilitsiwo, palibe angadziwe. Anati mwana akadzabadwa adzamubaya tsiku lomwelo.

Alamu anati miyendo yawo singakwere masitepe, ndipite ndine ndikanene. Ndinakwera ndekha. M'wodi munali fungo la mankhwala okolopera, ndipo achimwene anali chogona, atayang'ana kukhoma monga mwa masiku onse. Mapewa awo anali atatuluka mafupa.

"Achimwene, zotsatira za alamu zabwera. Alibe. Katemera wawagwira."

Osatembenuka, anafunsa:

"Nanga mwana?"

"Mayi akakhala alibe, mwana sangabadwe nako. Adzamubayanso akangobadwa."

Anatembenuka pang'onopang'ono, bedi likulira. Anandiyang'ana m'maso koyamba chichokereni tsiku la pakhonde lija. Maso awo anali achikasu kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo munali misozi.

"Ndinakuuza kuti utseke pakamwa."

"Munandiuza."

"Ukanandimvera, bwenzi pabedi pano tili atatu."

Anapempha madzi. Kapu ndinawagwirira ndine mpaka anamaliza.